Mkangano wa Setilaiti ndi Thunthu la Nthochi

Taleka kukuwa iwe Madalitso, anthu aziyesa kuno kwagwa zovuta. Ndaiona, maso angawa sanatheretu ayi. Imeneyo si nyenyezi, ndiponso si ndege ya afiti monga akunenera mlongo wakoyu. Nyenyezi yeniyeni sithamanga chonchija ngati yasiya ndiwo pamoto. Imeneyo ndi setilaiti, chitsulo chimene anthu amaponya kumwamba kuti chizizungulira dziko. Mwadabwa eti, kuti nkhalamba yothyola tiyi ikudziwa mawu otere? Ha, ana inu! Mawu amenewo analowa m'nyumba mwanga amayi anu asanakwatiwe n'komwe, ndipo anatidanitsa pachibale chilimwe chathunthu. Takhalani pansi apa, koma manja asakhale chabe, nandoloyu sadzisenda yekha.

Masiku amenewo sitinkakhala kuno ku Chimaliro. Tinali pa esiteti, m'malayini a antchito, nyumba zofanana zokhazokha moti munthu akaledzera ankagogoda kwa eni. Huta ya ku fakitale ikalira kusanache, tonse dzambatu. Ine dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno kuti mame asandinyowetse, ulendo wa kumunda. Inu tiyi mumamudziwa ali m'kapu, n'kumadandaulanso kuti shuga wachepa. Ife tinkamudziwa ndi zala: masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka zala kung'ambika. Kukabwera chiperoni, kamvula kozizira kaja, unkangomva mawu a mnzako osamuona. Koma ndisakunamizeni, ndimakusowa kumeneko. Ndimasowa fungo la masamba akamafota ku fakitale, ndimasowanso phokoso la azimayi pa sikelo tikulimbana ndi kalaliki.

Agogo anu aamuna, a Gusito, anali odulira tiyi. Mvula ikatha ankalowa m'munda ndi mpeni wokhota, kudula tchire lililonse molingana kuti lidzaphuke bwino. Anali munthu wosalankhula, woti ukamufunsa m'mawa amayankha masana. Mlamu wawo, alongo anga a Wayisoni, anali osiyana nawo kutalitali. Ankayendetsa thalakitala yonyamula masamba, ndipo pakamwa pawo sipankazima ngati injini ya thalakitalayo. Anthu awiriwa ankakondana, musapusitsidwe ndi mkangano umene ndikuuzeniwu. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ankakhala pakhonde pathu, chinangwa chophika chili pakati, wailesi ya a Wayisoni ikulira.

Tinali ndi mwana wamwamuna, Lafayelo, malume anu amene simunawaonepo. Nkhondo ya ku Mozambiki itatha, nthawi yomwe kuno matipate ankayamba, kunamveka kuti ku Guruwe minda ya tiyi yasanduka nkhalango. Zaka zonse za nkhondo palibe anamudulira, tiyi anakula ngati mitengo, ndipo kumafunika anthu odziwa mpeni. Makolo a agogo anu anachokera komweko, ndiye mtima wa a Gusito unadumpha. Iwowo ndi amene anati, "Pita ukaone, zikakhala bwino udzatitenge." Anamunolera mpeni wawo n'kumukulungira m'thumba la feteleza. Lafayelo anasiya mkazi, Enelesi wa ku Khonjeni, ali ndi khanda kumsana, Tiyamike, msuweni wanu wa ku Limbe uja. Ndinamukazingira chimanga ndi mtedza, ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Anakwera matola, anakhala pamwamba pa matumba, akuseka, mpata wa mano ake uli poyera. Kumuona kwanga komaliza kunali kumeneko.

Chinatha chaka, kenako china. Mawu ankabwera, koma osagwirizana. Bambo wina wogulitsa njinga anati lole imene inanyamula anyamata kupitirira Milanje inaponda bomba lokwirira, palibe anapulumuka. Mayi wina wa geni ya nsomba analumbira kuti anamuona Lafayelo pamsika ku Guruwe, atanenepa, atavala chipewa. A Gusito anapempha tchuthi n'kupita okha kukafunsa. Anabwerera miyendo itatupa, opanda mawu, opanda ngakhale manda oti n'kuloza.

Tsono pali mwambo umene inu simuudziwa, ndipo Mulungu akuthandizeni musadzaudziwe. Munthu akasowa, mtembo wake osaoneka, abale amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake. Akatero maliro aliridwa, anthu amameta, ndipo mkazi wa malemuyo amasudzulidwa kuti abwerere kwawo ndi ana, akakwatiwe ngati afuna. Popanda zimenezi Enelesi anali pakati, si wapabanja, si wamasiye. Ndipo anali mwana ndithu, wazaka ngati za mkulu wanu amene ali ku koleji uja. Amalume ake anabwera kuchokera ku Khonjeni, mwaulemu, zipewa zili m'manja, kudzapempha kuti nkhaniyi ithe. Mwini mbumba anali a Wayisoni, ndipo mwa chikhalidwe chathu akanatha kulamula okha, poti mwana ndi wa kuchikazi. Koma anati sangaike mwana m'manda bambo wake asanavomere. A Gusito akangomva mawu oti nthochi ankanyamuka, n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka alendo atsanzike. Panalibe wowakakamiza, poti munthu ndi mlamu wake sakalipirana pa nkhani ya maliro.

Patatha zaka zinayi chiyambire matipate, chilimwe chili pakati, ntchito yothyola itachepa, wailesi inanena nkhani yachilendo. Dziko lina la kutali kum'mawa, dzina lake musandifunse, linalengeza kuti laponya setilaiti yake yoyamba, ndipo ikuzungulira kumwamba ikuimba nyimbo. Ikuimba, ana inu! Koma mayiko ena akuluakulu anati limenelo ndi bodza. Anati atchera khutu ndi makina awo sanamve kanthu, chitsulocho chinagwera m'nyanja chisanafike n'komwe.

A Wayisoni anaseka mpaka kutsamwa chinangwa. "Awa ndiye akatswiri a bodza, alamu! Chinthu chamira m'madzi, iwo akuti chikuimba."

A Gusito anaika chinangwa chawo pansi. "Inu munaliko pamene chimagwa?"

"Iyayi, koma wailesi yanena."

"Wailesi yomweyo yanenanso kuti chikuimba. Eni ake akuti akuchimva. Kodi inu mungadziwe mawu a mwana wa eni kuposa makolo ake?"

"Chinthu chamoyo chimamveka kwa aliyense, alamu. Chikakhala duu, ndiye kuti basi."

"Mwina chili patali. Mwina makina a enawo ndi ogontha."

Ine ndinali pakhomo ndikusankha nyemba, ndipo poyamba ndinaseka nawo. Amuna awiri aakuluakulu, wina sanakwerepo ngakhale sitima ya pamadzi, akukangana za kumwamba! Koma nditayang'ana a Gusito, mitsempha ya pakhosi itatuluka, munthu amene sankayankha ngakhale kapitawo akawatukwana, lichero linandilemera. Ndinazindikira kuti akukangana za mwana wanga, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

Sabata yomweyo a Gusito anatenga jekete lawo la ukwati n'kukasinthanitsa ndi wailesi yakale ya mlonda wina, yaikulu ngati bokosi la sopo, imene inkakoka mayiko akutali. Anamanga waya kuchokera pawindo mpaka pamwamba pa bulugama wa kuseri kwa layini yathu. Munthu wa imvi kukwera mumtengo ngati nyani, ine pansi ndikukuwa, "Mukagwa ndikuikani ndi wailesi yanuyo!" Mabatire akatha mphamvu tinkawayanika padzuwa pamwamba pa denga, kapena kuwaphwanya pang'ono ndi mwala kuti atsitsimuke. Inu simungadziwe zimenezi, mumangolowetsa chingwe pakhoma basi. M'mawa huta isanalire, ndi madzulo akaweruka, ankakhala khutu lili pa wailesi, akupotokola pang'onopang'ono. Munkatuluka phokoso ngati mafuta akukazinga, kenako mzungu, kenako mwenye, kenako mluzu wautali. Pakamveka kanyimbo kachilendo ankatukula dzanja. "Chete, mayi a Lafayelo! Mwamva?" Tikadikira, kumapezeka kuti ndi wailesi ya dziko lina ikuitanira malonda a sopo.

Nkhani inafalikira malayini onse. Anyamata anayamba kuwatcha a Setilaiti. Kumunda azimayi anagawanika, ena ati chilipo, ena ati chinamira, mpaka mnzanga wina wa mzere woyandikana nane anati iye sangakhulupirire chinthu choimba chopanda m'mimba. Mphunzitsi wina wochokera ku mpoto, wobwera kumene pa sukulu ya pa esiteti, anayesa kuwafotokozera mwaulemu kuti anthu odziwa za kumwamba anafufuza ndipo sanachipeze. A Gusito anamumvetsera mpaka kumapeto, anathokoza, n'kubwerera ku wailesi yawo.

Ine ndinkalusa nawo. Ndinkawanena za jekete, za mabatire, za manyazi amene ankandichititsa pa sikelo. Koma pamene ankati chete, inenso mpweya ndinkaugwira. Ndinkafuna chitsulo chimenecho chiimbe, ana inu. Ndinkafuna kwambiri, ngakhale sindinkadziwa dziko lake kuti lili mbali iti.

Lamulungu lina mkangano unafika poipa. A Wayisoni anali atakumana ndi amalume a Enelesi pamsika, ndipo anabwera mtima uli m'mwamba. A Gusito atangoyamba zoti dzulo anamva ngati ng'oma patalipatali, alongo anga anamenya ntchafu. "Alamu, tasiyani! Mukuzunza mwana wa eni chifukwa cha chitsulo cha anthu osawadziwa!" A Gusito anaimirira, anazimitsa wailesi ya a Wayisoni, n'kuwapatsa m'manja. Kuyambira tsiku limenelo alongo anga sanabwerenso Lamulungu. Akakumana panjira ankangopatsana moni wa pakamwa, aliyense maso kumbali. Chinangwa ndinkaphikabe chochuluka mwachizolowezi, chotsala tinkadya m'mawa ndi tiyi.

Enelesi nthawi yonseyi sananenepo kanthu. Mpongozi wa masiku amenewo sankayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, akafuna kulankhula ankagwada chapatali, kapena kudutsira mwa ine. Osati za lero, mpongozi kukhala pa mpando umodzi ndi apongozi akuonera mpira! Tsiku lina ndinaweruka msanga chifukwa cha mutu. Nditalowa m'nyumba ndinamupeza atagwada pa wailesi, khutu ataligunditsa, akupotokola monga ankachitira a Gusito. Atandiona anadzidzimuka ngati wagwidwa akuba. Sindinamukalipire. Tinatuluka, tinayamba kusinja makaka, iye munsi wake ine wanga. Tili mkati mosinja anaima.

"Amayi, mukawafunse bambo. Nyimboyo akaimva, ine ndidikira, sindikana. Koma akapanda kuimva, ndidikire mpaka liti? Angondiuza, kuti ndidziwe chouza mwanayu akayamba kufunsa."

Mayo ine, mawu amenewo anandilasa. Madzulo ndinawauza a Gusito monga anawanenera mwiniwake, osaonjeza osachotsa. Anayatsa wailesi, koma ndinaona kuti dzanja silikupotokola, langokhala pamwamba pake.

Mvula yoyamba inagwa, tiyi anaphuka, ntchito inachuluka moti ngakhale odulira anapatsidwa madengu. M'mawa wina tinanyamuka kukali kamdima, kumwamba kutayera mbee mvula itagwa dzulo lake. Tili pa msewu wa pakati pa minda tinapeza thalakitala itaima, a Wayisoni ali pambali, khosi lili m'mwamba. Anatipatsa moni m'Chilomwe, chimene ankachita pokhapokha mtima ukafewa.

"Mosheliwa, alamu? Tabwerani muone."

Tinayang'ana kumene ankaloza. Kanyenyezi kakang'ono kankayenda, osathwanima, osalira ngati ndege, ndendende kamene mwaona inu lero. Kankalowera kum'mawa, cha ku phiri la Mulanje, mbali ya ku Mozambiki.

"Si imeneyo setilaiti yanu?" anatero a Wayisoni. "Ndinalakwa ine, alamu. Ilipo. Ikuyenda bwinobwino."

Alongo anga ndinkawadziwa. Sankakhulupirira zimene ankanenazo ngakhale pang'ono, anangotopa ndi kusowa mlamu wawo. A Gusito anaika dengu pansi. Anakayang'ana kanyenyeziko mpaka kanazimirira m'kuwala kwa m'mawa, ndipo anapitiriza kuyang'ana pamene kanazimirirapo.

"Iyo ndi ya eni ake, alamu," anatero. "Yathu ija inagwa. Tumizani mawu ku Khonjeni."

Yathu. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo, pulasitiki ili m'chiuno, ndinalira kulira kumene ndinakusunga zaka zonse zija. Azimayi amene ankabwera m'mbuyo mwathu sanafunse kuti wamwalira ndani, anangotula madengu n'kuyamba kulira nane.

Maliro tinachitira kuno, kumudzi kwa amayi anga. Thunthu amayenera kudula anthu ena, osati bambo wa mwana, koma a Gusito anakana. Analowa okha m'munda wa nthochi uli kumusi kwa chitsimewo, anayenda nthawi yaitali akuyeza mitengo ndi maso, mpaka anapeza wofanana msinkhu ndi Lafayelo. Anaudula kamodzi kokha. Tinaliveka thunthulo malaya ake a kwaya, tinalikulunga m'nsalu yoyera, ndipo a Wayisoni ananyamula kumutu. Linali lozizira ndi lolemera, ndipo madzi ake anadetsa nsalu tisanafike kumanda. Titameta, Enelesi anasudzulidwa. Anagwada patsogolo pa a Gusito, iwo anamuuza kuti, "Mwatisunga bwino, mayi. Pitani, palibe mlandu." Ananyamuka wapansi kulowera ku Khonjeni ndi amalume ake, kamtolo pamutu, Tiyamike akutembenuka kutibayibitsa poyesa kuti akupita kukacheza. Patapita nthawi anakwatiwa ndi kalipentala wina, munthu wabwino, ndipo pa ukwati wawo nkhuku ndinapereka ine.

Wailesi ija a Gusito anapatsa a Wayisoni, ndipo Lamulungu linabwerera mwakale, chinangwa pakati. Za setilaiti sanakambenso. Waya wokha unatsala mu bulugama, palibe anaumasula.

Zaka zinapita, msana wa agogo anu unakana mpeni, tinapuma ntchito. Nyumba ya pa esiteti si yako, ana inu, ukapuma lero mawa mwalowa wina. M'nyumba yathu munalowa banja lochokera ku Ntcheu, anthu osatidziwa. Titasamukira kuno ndinayamba kuona kuti mwezi ukatha a Gusito akuvala nsapato, ati akukaona anzawo akale. Ulendo wake si waufupi, ndipo kabaza ankakana, ankayenda wapansi. Ndinadzamva kwa mayi wa m'nyumba yathu yakale ija titakumana ku chipatala pa Boma. Anati, "Amuna anu amabwera, amakhala pakhonde pang'ono, ndiye potsanzika amanena zomwezomwezo: kukabwera mwamuna wa mpata m'mano kufunsa makolo ake, mumuuze kuti ali ku Chimaliro, kuseri kwa tchalitchi." Munthu amene anadula nthochi ndi dzanja lake! Sindinawafunse, ndinkangowakonzera kamba wa panjira. Anayenda choncho mpaka miyendo inakana, chaka chimene unabadwa iwe Madalitso, ndipo mvula yotsatira tinawaika pafupi ndi thunthu lija.

Anthu a ku Ntcheu aja anachoka kalekale. M'nyumbamo mwadutsa mabanja angati kaya, ndipo amene alimo lero sadziwa kuti kunali a Gusito. Ine kumeneko sindingafikenso, mawondo awa mukuwaona. Za setilaiti ija, amayi anu anandiuza kuti mpaka lero eni ake amati inaimba, ena onse amati inamira. Kaya, ine sindinaimve.

Tsono ndili ndi pempho, ndipo musaseke. Mafoni anuwo ndimamva kuti amapeza munthu ngakhale ali kutsidya kwa nyanja, mukangolemba dzina. Mawa kukacha mulembe Lafayelo Gusito, mulembenso Guruwe. Musayang'ane mnyamata ayi, pano ndi bambo wa imvi, mwina mano a mpata aja anaguluka. Mukapanda kumupeza, musandinamize pondimvera chisoni, ndakula ine. Koma wina akayankha, musamuuze za nthochi, zimenezo ndidzamuuza ndekha atadya. Mungomuuza kuti tinasamuka, asavutike kupita ku malayini. Atsike pa tchalitchi, afunse kwa mayi a Lafayelo.